Mutu 4: Pulasitala ya Mwana Wina

1. Olakwa ndiwatchule

Mdzukulu wanga anamwetsedwa mankhwala a muyeso wa mwana wina, kasanu konse, mpaka kamtima kake kanatsala pang'ono kuphulika. Sindizungulira ayi. Olakwa ndiwatchula.

Woyamba ndine. Ine ndemwe, agogo ake, ndi manja angawa.

Wachiwiri ndi namwino amene m'wodi tinkamutcha Fulumirani, poti mawu amenewo ndiwo sankachoka pakamwa pake. Wachitatu ndi alamu anga, mlongo wa malemu amuna anga, amene anati titseke pakamwa. Achinayi sindikuwadziwa nkhope. Ndi aja amapanga mankhwala n'kulemba pabokosi muyeso wa bambo wandevu, kuiwala kuti padziko pano pamabadwanso anthu olemera ngati paketi ya shuga.

Amene sanalakwe ndi mmodzi: mwana wanga wotsiriza, amene kunyumba timangomuti Mzime. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Msinkhu wanu womwewo, inu mukuwerenganu. Ndiye khalani pansi mumve.

2. Chipinda cha makanda

Mzime anatenga mimba ali Folomu 3. Mwini mimba anathawa. Za ameneyo ndisayambe, ndingadetse pepala.

Mwana anabadwa mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha, ndipo anachita kumutulutsa pa opaleshoni. Kamtsikana. Atakaika pasikelo, kilo imodzi ndi kanyenyeswa. Dzina tinali tisanakapatse. Amayi a m'wodi anakatcha Kachibakera, chifukwa nthawi zonse kanali kofumbata dzanja ngati kakuputa ndewu.

Chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane n'chotentha ngati m'khitchini. Muli timabedi makumi awiri ndi tinayi, ndipo pamwamba pa kalikonse pali nyale yotenthetsa. Nsapato umasiya pakhomo. M'manja umasamba mpaka m'zigongono. Pakhoma pali chikwangwani cha zilembo zikuluzikulu: OSASUNTHA MWANA POPANDA NAMWINO. Ndinachiwerenga. Musati sindinachione.

Poti Mzime anali ndi bala la opaleshoni ndipo ankayenda chowerama, anandilola ine kumalowa kuti ndizimuthandiza.

Ana oterewa amaiwala kupuma. Inde, kuiwala. Kamwana kamangogona, n'kusiya basi, milomo n'kuyamba kuda. Ndiye amawapatsa mankhwala owakumbutsa, m'mawa ndi madzulo. Amawakoka ndi sirinji yopanda singano n'kuwathira m'kapaipi kolowa pamphuno mpaka m'mimba.

Tsopano mvetsetsani mmene ntchito inkayendera. Adokotala amaona kulemera kwa mwana, n'kuwerengera muyeso, n'kulemba mufayilo. Anamwino amakopera pa kachidutswa ka pulasitala: makilo ake, ndi mizere ya pasirinji imene mwanayo ayenera kulandira. Pulasitalayo malo ake ndi pamkono wa mwana. Koma timikono ta anawa n'tating'ono ngati chala changa chakumapeto, ndiye inkangovuka. Choncho anazolowera kuimata kumutu kwa kabedi.

Adokotala akamayendera ana, amaitana mayi, mayi n'kuima pali mwana wake, iwo n'kutsegula fayilo. Anamwino akamagawa mankhwala amaona pulasitala, ndipo nthawi imeneyo amayi onse amakhala ali kuchipinda china, akufinya mkaka m'makapu. Fayilo ndi pulasitala sizinkaonana. Gwirani pamenepo.

3. Chifundo changa

Lolemba m'mawa kunazizira, ndipo nyale ya pakabedi ka Kachibakera inathima. Ndinagwira kaphazi kake: chitsulo chenicheni. Namwino anali mmodzi yekha, ndipo anali atathamangira kumapeto kwa chipinda kumene mwana wina anasiya kupuma.

Pakabedi koyandikana panali kamnyamata kolemera makilo awiri ndi pang'ono. M'chipinda chimenecho ameneyo ndi munthu wamkulu, ndiye tinkamutcha Chimphona. Amake anali mayi wansangala, wa ana anayi kale, wosachedwa kuseka.

"Agogo, kanuko kafa ndi chisanu," anatero. "Bweretsani kuno kuli nyale. Chimphona changachi chili ndi mafuta ake, ndichifunditsa mabulangete awiri."

"Nanga chikwangwani chija?"

"Chikwangwani chimatenthetsa mwana? Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nyamulani msanga, Fulumirani asanacheuke."

Tinaseka. Ndinanyamula Kachibakera, iwo ananyamula Chimphona, tinasinthanitsa. Kaphazi kanayamba kufunda m'dzanja langa, ine n'kudziona ngati munthu wanzeru. Nditamuuza Mzime kubedi kwake, anathokoza.

Ana anasamuka. Mapulasitala anatsala pomwe anali.

Lachiwiri Kachibakera kanasiya kugona. Timaso tili gwaa, timanja tikunjenjemera, mkaka ukalowa ukubwerera. Ine ndi uchitsiru wanga ndinati, "Kayamba mphamvu, kakukula."

"Kakufuna kumenya ndani kameneka?" anaseka amake a Chimphona. Koma kuseka kwawo kunali kwapamwamba, chifukwa tsiku lomwelo Chimphona anachita kumutsina kuphazi kawiri kuti akumbuke kupuma.

4. Mizere isanu ndi umodzi

Lachitatu m'mawa mkaka wa Mzime unakana kutuluka. Anatopa kufinya, anasiya anzake ali pamakapu, n'kubwerera kwa mwana atagwira bala lake. Anapeza Fulumirani ataima pakabedi ndi katebulo kake kamatayala, sirinji ili m'manja.

Mzime masamu ankawatha kusukulu, ndipo diso lake silidutsa nambala. Tsiku loyamba kumubweretsa pa njinga ya odwala kudzaona mwana, anaonerera mankhwala akuperekedwa, ndipo anawerenga mizere.

"Anesi, pepani," anatero. "Tsiku lija inali mizere itatu. Lero bwanji yafika isanu ndi umodzi?"

"Iwe ndiwe dokotala? Zalembedwa apa. Tasuntha, fulumira, ana makumi awiri akundidikira."

Anakankha sirinji. Mankhwala analowa. Katebulo kanapita.

Mzime anawerama n'kuwerenga pulasitala. Makilo awiri ndi pang'ono. Mizere isanu ndi umodzi. Anayang'ana kabedi ka Chimphona. Kilo imodzi ndi pang'ono. Mizere itatu.

M'dengu la zinyalala munali bokosi la mankhwalawo, lopanda kanthu, koma kapepala kopindapinda kanali momwemo. Anakatola.

Anandipeza panja, pabenchi la odikirira odwala. Ndinali ndi alamu anga, azakhali ake, amene anabweretsa madzi otentha ndi matewera ochapa. Nkhope ya Mzime inali ngati phulusa.

"Amayi, tsiku lija munasuntha mwana, pulasitala munaisuntha?"

"Pulasitala yanji?"

Anatiuza zonse. Kenako anatambasula kapepala kaja. Kanali ka Chingerezi cha tizilembo ngati nyerere, chimene ine sindingachithe. Iye anawerenga ndi chala, akumasulira.

"Pepalali likunena za akuluakulu odwala mphumu. Muyeso wa makanda mulibemo. Koma apa alemba zimene zimachitika mankhwala akachuluka m'thupi. Mtima kuthamanga. Kusanza. Kunjenjemera. Kusagona." Anaima. "Kenako kukomoka."

Ndinawerenga pa zala: Lolemba m'mawa, Lolemba madzulo, Lachiwiri kawiri, lero m'mawa. Dzanja linatha.

"Adokotala akubwera posachedwa," anatero Mzime. "Ndiwauza."

5. Chenjezo la azakhali

Alamu anaika botolo lamadzi pansi, anamugwira pamkono n'kumukhazika pabenchi.

"Tamvera kuno, mwana wa achimwene anga. Ine chipatala ndachigonera iwe usanabadwe. Ndadikirira amayi anga, ndadikirira ana atatu, ndadikirira abambo ako. Muno mlendo sayankhula. Ukamuyalutsa namwino pamaso pa dokotala, dokotalayo masana apita kwawo, iwe utsala ndi namwino yemweyo. Tsiku limene kamwana kako kadzasiye kupuma, udzaitana ndani? Adzabwera, inde, koma akuyenda ngati akupita kukaona mdani wake. Sulavulira chitsime uli ndi ludzu.

"Chachiwiri. Anasuntha mwana ndani? Si amako awa? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukatsegula pakamwa, funso loyamba likhala limenelo. Awathamangitsa m'wodi ngati galu wakuba mazira. Ndiye iwe ndi bala lakolo, matewera akuchapira ndani? Akutembenuza ndani pabedi? Mayi ameneyu wakulera yekha chimwalirireni abambo ako. Unamuchititsa manyazi ndi mimba, anameza. Lero ufuna umuchititsenso pamaso pa chipatala chonse? Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

"Nzeru ndi iyi. Masana anthu akapita kukadya, amako alowe, abweze ana m'mabedi mwawo mwakachetechete. Madzulo kamwana kalandira mizere yake itatu ija. Palibe wodziwa, palibe wolira. Madzi akatayika saoleka."

Ine ndiye ndinati chiyani? Ndilemba, ngakhale dzanja likukana. Ndinati, "Azakhali ako akunena zoona."

Mzime anatiyang'ana tonse awiri.

"Ana muwabweza. Nanga mankhwala alowa kalewo muwabweza bwanji?"

"Thupi limatsuka lokha," anatero alamu.

"Thupi lake liti, azakhali? La kilo imodzi?"

"Eee! Folomu 3 yomwe unaithawa ndi mimba ija ndiye ukutiphunzitsa nayo lero? Alamu, mwamumva mwana wanu?"

Mzime anapinda kapepala kaja bwinobwino n'kukaika m'thumba. Anayankhula motsitsa, akuyang'ana ine.

"Ababa tinawataya ndi ulemu womwewu."

Ndikuuzeni. Amuna anga anamwalira zaka zisanu zapitazo, m'chipatala china. Atawasintha mankhwala, thupi lonse linatuluka matuza, mpaka m'kamwa. Ine ndikuona. Ndinati adokotala akudziwa. Ndinakhala pambali pa bedi ngati chitsa masiku atatu, ndikuthokoza aliyense wodutsa atavala zoyera. Pamene ankazindikira, kunali kutada kale. Mzime anali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo ndinkaganiza kuti sankaona.

Ndinafuna kumumenya mbama. Dzanja linakana kudzuka.

Pakhomo panamveka mawu a Fulumirani: "Amayi a ana, adokotala afika! Fulumirani!"

6. Adokotala adutsa

Aliyense anaima pali mwana wake. Ine ndinaima pakhomo ndi kapu m'manja, ngati ndili ndi ntchito.

Adokotala a ana ndi mayi wamfupi, waimvi, wosakonda nthabwala. Anafika pa Kachibakera, anaika chomvera mtima pachifuwa, n'kuyang'ana wotchi yawo. Anakwinya nkhope. Anamveranso.

"Mtima ukuthamanga kwambiri. Akusanza?"

"Eee, adokotala," anayankha Mzime.

"Kuyambira liti?"

"Dzulo."

Anatsegula fayilo n'kuyendetsa chala. "Mankhwala opumira, mizere itatu. Ali bwino amenewo, apitirize. Ndikukayikira matenda a m'magazi. Sisita, mutenge magazi, timuyambe jakisoni. Masana titengenso madzi a pamsana."

Anatseka fayilo. Anasuntha.

Mzime anatembenuka n'kundiyang'ana pakhomo paja. Ine ndinapukusa mutu. Inde, ndinapukusa. Amake a Chimphona anali atamva kale nkhaniyo kwa alamu, ndipo maso awo anali pansi, akuwerenga zala zakuphazi. Fulumirani ankalemba, osayang'ana munthu.

Adokotala anadutsa kabedi kamodzi. Anadutsa kachiwiri. M'chipinda munkangomveka timakina ndi kulira kwa timakanda ngati tiana ta mphaka.

"Adokotala!"

Mawu ake anatuluka osweka, ngati a tambala wophunzira kulira. Chipinda chonse chinacheuka.

"Mwana wanga sakulandira mizere itatu. Akulandira isanu ndi umodzi. Kuyambira Lolemba."

"Ukuti chiyani?"

"Pulasitala ili pakabedipa si yake. Ndi ya uyo. Yake ili uko."

Adokotala anabwerera. Anamatula pulasitala, anaiika pambali pa fayilo, anayang'ana uku ndi uku. Anapita pa Chimphona, anachita chimodzimodzi. Sanakuwe ayi. Mawu awo anatsika, ndipo kutsikako ndiko kunandiopsa.

"Anasuntha ana awa ndani?"

Mzime anagwira chitsulo cha kabedi ndi manja onse awiri. Misozi inali ikutsika, koma pakamwa panatseguka.

"Amayi anga. Nyale inathima. Mwana amazizidwa."

"Ndine," ndinatero ine pakhomo. Koma musandiyamikire. Ndinavomera mwana atanena kale.

Zotsatira zinachitika mothamanga. "Mankhwala opumira aimitsidwe kwa uyu, pompano. Za pamsana zilekeni. Bweretsani makina ndi mpweya. Uyu winayu n'chifukwa chake akuiwala kupuma, akulandira theka." Anamanga kachingwe kowala mofiira kukaphazi ka Kachibakera. Pagalasi la makina panatuluka nambala ya kugunda kwa mtima, ikudumphadumpha pamwamba pa mazana awiri.

Ndiye kamwana kanabweza mkaka, kanauma thupi, timikono tinagwedezeka. Mzime anakuwa.

"Onse panja!" anatero adokotala.

Tinakhala pabenchi kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka litapendeka. Palibe anadya. Chitseko chikatseguka, tonse tinkaimirira, n'kukhalanso. Mzime anali kumapeto kwa benchi yekha, atagwira kapu yopanda mkaka.

"Ndinanena ine," anatero alamu. "Onani tsopano."

"Alamu," ndinatero, "mukatsegulanso pakamwapo, botolo ili likuswekerani pamutu."

Kanali koyamba kuwayankha chikwatiwireni pabanja lawo.

7. Mawu a adokotala

Cha m'ma folo koloko anatiitana tonse, amayi ndi odikirira, m'chipinda chofinyira mkaka. Fulumirani analipo, atakhala pakampando, manja ali pakati pa maondo.

"Kugwedezeka kwasiya," anatero adokotala. "Mtima ukadali pamwamba. Palibe mankhwala otulutsa amene alowa kale. Tidikira thupi lake liwachotse pang'onopang'ono, ife tikumulondera."

Ine sindinathe kupirira. "Adokotala, mukumwetseranji khanda mankhwala a bambo wa mphumu? Bokosi lake silikutchula n'komwe mwana!"

Sanakwiye. Anakhala pansi.

"Agogo, funso lanu ndi labwino, ndipo nonse mumve. Mankhwala ambiri amene timapatsa ana awa sanapangidwire iwo. Anayesedwa pa akuluakulu, ndipo pepala la m'bokosi limanena za akuluakulu. Tingawasiye? Ayi. Popanda iwo, ambiri mwa ana ali umo sakanatha sabata. Awa opumirawa madokotala awagwiritsa ntchito pa makanda zaka zambirimbiri, ndipo tikudziwa kuti amapulumutsa. Koma bokosi silitipatsa muyeso. Muyeso timaupeza tokha, ndi sikelo, ndi mabuku athu, ndi cholembera. Kwa bambo wamkulu, mzere umodzi wowonjezera ndi dontho m'mtsuko. Kwa mwana wa kilo imodzi, pakati pa mankhwala ndi poizoni pali mizere iwiri kapena itatu basi. Chiwindi chake sichinakhwime. Zimene inu mumatulutsa tsiku limodzi, iye amakhala nazo masiku.

"Ndiye musasunthe mwana, ngakhale chifukwa cha chifundo. Nyale ikathima, kuwani mpaka wina abwere. Musabise kapena kutaya mankhwala chifukwa mwawerenga pepala n'kuchita mantha. Amenewo ndi manda enanso. Dziwani makilo a mwana wanu ndi mizere yake ngati mmene mudziwira dzina lanu. Mukaona chachilendo, funsani. Tikakukalipirani, funsaninso. Ife tili ndi maso awiri pa ana makumi awiri. Inu muli ndi maso awiri pa mwana mmodzi. Safunsa anadya phula."

Ndinafunsanso. "Nanga tikanangowabweza anawo mwakachetechete, masana?"

Adokotala anandiyankha mosabisa.

"Ndikanamubaya pamsana kufunafuna matenda amene alibe. Madzulo ano akanalandira mizere ina itatu pamwamba pa zimene zadzaza kale m'thupi, ndipo mawa ina, chifukwa fayilo ikanandiuza kuti zonse zili bwino. Zotsatira zake musandifunse, agogo."

Alamu anali atatuluka kale.

Fulumirani anaimirira. Ndinkayesa ayamba kudziteteza, ndipo ndinali nditakonza kale mawu anga. Koma anapita kwa Mzime.

"Unandiuza m'mawa," anatero. "Sindinamve."

Basi. Sananene za ana makumi awiri ndi anayi pa munthu mmodzi, ngakhale tonse tinkadziwa. Mkwiyo wanga pa iye sunathe, musaganize choncho. Mwana anafunsa, iye anakankha sirinji.

Madzulo omwewo mapulasitala onse anamatulidwa pa timabedi n'kumatidwa pa miyendo ya ana. Katebulo kamatayala katafika, Fulumirani sanatithamangitse. Anaima pa Chimphona n'kuitana: "Amake a uyu, bwerani muwerenge mizere."

Amake a Chimphona anatembenukira kwa Mzime. "Ine maso anga ndi a pa singano yosokera basi. Tandiwerengera, aphunzitsi."

Mzime anawerama n'kuwerenga mokweza. Isanu ndi umodzi. Ndendende.

8. Pawindo

Kuchokera usiku womwewo, achipatala anandiletsa ine kulowa m'chipinda cha makanda. Sindikudandaula, ndinadzikumbira ndekha. Matewera ndimachapa, n'kuperekera pakhomo. Mdzukulu wanga ndimamuonera pawindo lakumbuyo, nditaima panjerwa.

Lero ndi Lachinayi. Masana nambala ija inatsika, inatsikanso, mpaka adokotala anagwedeza mutu. Kachibakera kanagona, koyamba chiyambire Lachiwiri. Mzime anandikodola kuti ndiyang'anitsitse. Kadzanja kaja kanali kotambasuka. Chibadwire sindinaonepo chikhatho chake. Chili ndi timizere, ngati cha munthu aliyense.

Koma sitinatuluke m'madzi. Adokotala akuti mankhwala akatheratu m'thupi, kuiwala kupuma kungabwerere, ndiye akudikira nthawi yoti ayambenso mizere itatu. Akaiyamba msanga ndi vuto, akachedwa ndi vuto. Ngati kugwedezeka kuja kunasiya chilema m'mutu, akuti sitingadziwe lero kapena mawa. Mzime sakuchoka pakabedi. Maso ake ali pachifuwa cha mwana, akuwerenga.

Alamu apita kukafalitsa kwa abale kuti Mzime wagulitsa mayi ake kuchipatala. Asanapite anandipeza pampopi. Mawa m'mawa akuluakulu a chipatala atiitana ku ofesi, ine, Mzime ndi Fulumirani, kuti aliyense akanene zimene anachita. Alamu anandinong'oneza: "Mukanene kuti namwino ndiye anakulamulani kusuntha ana. Amake a Chimphona ndagwirizana nawo kale, avomera. Chatsala n'chakuti mumuuze mwana wanuyo, ulendo uno atseke pakamwa."

Ndinawayang'ana, ndinapitiriza kuchapa. Mwana amene anaitana dokotala mayi ake akupukusa mutu, ndani angamutseke pakamwa? Koma mawu a alamu ali ngati utsi, amalowa ngakhale utatseka chitseko. Pofika madzulo ndinaona amake a Chimphona atamukokera Mzime pakona, akumunong'oneza.

Tsopano iwe ukuwerengawe, iwe wa yunifolomu, usatseke buku. Ndili nawe.

Kusukulu amakuphunzitsani kulemekeza akulu, ndipo n'zabwino. Koma taima pamene anaima Mzime. Bala likukuwawa. Azakhali ako akukumbutsa manyazi ako onse. Namwino amene udzamufune mawa akulemba, osakuyang'ana. Mayi ako okubala, amene anakulera okha, aima pakhomo akupukusa mutu. Dokotala wadutsa kale timabedi tiwiri, ndipo akupita.

Ukanaitana, kapena ukanameza?

Usandiuze zimene aphunzitsi akufuna kumva. Ine ndinameza kawiri. Koyamba ndinaika mwamuna m'manda, kachiwiri ndaima panjerwa kuseri kwa windo. Ndikufunsa iweyo, ndipo sindichoka pano. Ndiyankhe!